Wapampando anasowa mu pulogalamu yanga

Tulo takana. Funso la achemwali likundizungulirabe m'mutu, ndiye bola ndilembe.

Ndatha miyezi itatu ndikuphunzira Python, chinenero cholembera mapulogalamu a kompyuta, pa laputopu yawo yakale, kuonera mavidiyo pa YouTube ndi bandulo ya usiku, kumalemba chilichonse chomwe mphunzitsi walemba. Sabata yatha ndinapanga yangayanga, yowerengera masheya a banki m'khonde ya amayi. Mamembala 15. Inayenda osatulutsa error ngakhale imodzi, ndipo mtima unali mbee.

Lero achemwali afika kuchokera ku Lilongwe, kumene amalemba mapulogalamu pantchito. Ndisanawalandire n'chikwama chomwe, ndinali nditatsegula kale laputopu. Anayang'ana pang'ono chabe, n'kunena kuti, "Iwe, katenge kope la amayi."

Tinawonkhetsa pamanja. Kope ndi kompyuta zinasiyana ndi K20,000. Ine ndinafulumira kunena kuti mwina amayi analakwitsa polemba, ndipo mawu amenewo akundiwawabe, chifukwa amayi anali pomwepo akusankha nyemba ndipo anamva.

Achemwali analoza mzere umodzi, range(1, 15). "Uwu ukuchita chiyani?" Ndinati ukuwerenga kuyambira 1 mpaka 15. Sanavomere, sanakane. Anandipatsa cholembera. "Lemba manambala onse amene akutuluka pamenepa, kenako uuze kompyuta iwasindikize, tifananize."

Anatuluka 1 mpaka 14. Range imaima isanafike pa nambala yomaliza, ndipo mndandanda mu Python umayambira pa 0. Munthu woyamba m'kope, amene ndi wapampando, anali pa 0, ndiye pulogalamu imawadumpha nthawi zonse. K20,000 ija inali masheya awo.

Chikundipweteka n'chakuti zimenezi ndinazimva m'vidiyo, mwina kasanu. Ndinkagwedeza mutu. Wina akanandifunsa dzulo ngati ndimadziwa kuti timayambira pa 0, ndikanayankha kuti eya mosakayika. Koma zala zanga zinalemba 1, ndipo poti kompyuta sinadandaule, nanenso sindinakayike. Nanga m'miyezi itatu yonseyi, ndi zingati zomwe ndangogwedezera mutu?

Ndinakwiya ndithu kuti sanangondiuza yankho. Anakhala pakhonde akucheza ndi amayi za maliro a kumudzi, ine ndikutuluka thukuta. Nditawapempha kachiwiri anati, "Ndikakuuza, mawa udzabwerezanso." Kenako anandionetsa assert: ndilembe mamembala atatu okha, ndiwonkhetse ndekha papepala, ndiiuze kompyuta yankho loyenera, ndipo ikapeza lina iime. Poyamba inaima. Ndinachotsa range yonse ija, n'kulemba kuti for membala in mamembala, kutanthauza kuti itenge membala aliyense pamndandanda. Inadutsa. Tinabwezeramo onse 15, ndipo chiwerengero chinagwirizana ndi kope la amayi ndendende. Chimwemwe cha nthawi imeneyo sichinafanane ndi cha sabata yatha, chifukwa ndinatha kuwafotokozera mzere uliwonse ndi pakamwa panga, laputopu itatsekedwa.

Amayi ndawapepesa madzulo. Anangoti, "Kope limenelo ndalisunga zaka zinayi, mwana wanga."

Asanakagone, achemwali anafufuta mayina onse pamndandanda n'kuyendetsanso pulogalamu. Pamene imagawa ndalama ndi chiwerengero cha mamembala panatuluka ZeroDivisionError, uthenga wonena kuti kompyuta singagawe nambala ndi 0. "Gulu likakhala lopanda munthu, ichite chiyani? Undiuze m'mawa."

Ndayesa njira ziwiri. Ina ikubweza 0, koma sindikukhutira nayo, chifukwa 0 akuoneka ngati anthu alipo koma sanasonkhe kanthu. Batire latsala pang'ono, ndipo minibasi yawo ndi ya m'mamawa.