Mmene ndinasankhira njinga ya two-stroke ndili ndi zaka 48

Ndimalemera makilogalamu 92, ndipo bondo langa lamanja limayamba kudandaula chisanu cha ku Johannesburg chikangofika. Zaka, kulemera ndi bondo ndizo zinanditsogolera pamene ndinkafuna njinga yamoto yochitira motocross, mpikisano uja wozungulira bwalo ladothi lokhala ndi zitunda zodumpha ndi makona okumbika. Chikho sindinkachifuna. Ndinkafuna njinga yoti Lamlungu ndithamange nayo m'gulu la achikulire anzanga, Lolemba n'kulawirira kuntchito ndikuyenda ndi miyendo yanga.

Zoti ikhale two-stroke sizinanditengere nthawi. Injini yamtunduwu imaphulitsa mafuta nthawi iliyonse pisitoni ikafika pamwamba, pomwe four-stroke, monga zimene a kabaza amayendetsa kwathu, imaphulitsa kamodzi pisitoni ikakwera kawiri. Two-stroke ilibe mavavu kumutu, ilibe kamushafuti, ndipo oilo wake mumathira m'petulo momwemo. N'chifukwa chake imapepuka, komanso kuikonza sikuboola thumba. Pisitoni ikatha mumamasula mabawuti ochepa, kuzula silinda, kuika pisitoni yatsopano ndi magasiketi ake, ndipo ntchito yonseyi imatheka pakhomo masana amodzi. Four-stroke ya mpikisano vavu ikathyokera m'kati imatha kuwononga mutu wonse wa injini, ndalama zokonzera n'kuyandikira mtengo wa njinga yakaleyo. Munthu amene akulipirira ana sukulu zimenezi amaziwerengera.

Pamene mutu unandizungulira ndi pa kukula kwa injini, kumene kumayezedwa m'ma cc: 125 kapena 250. Anthu pabwalo akangomva zaka zanu amati, "Madala, tengani 125, ndi yaing'ono, siikuvulazani." Malangizowa si abodza. Yamaha YZ125 imalemera pafupifupi makilogalamu 95 ndi mafuta omwe, imakhota mosavuta, ndipo dzanja likapotoza mopitirira siikuponyerani kutali. Koma mphamvu yake yonse ili pamwamba penipeni, injini ikamalira mokuwa. Kuti isachoke pamenepo phazi lamanzere silipuma pa magiya ake 6, ndipo chala chimakhala pa klachi potuluka pakona iliyonse. Mnzanga atandibwereka yake ndinaona kuti thupi langali limaimeza mphamvu. Potuluka pakona yamchenga injini inkangoti buu, n'kufooka, ndipo chitunda chakutsogolo ndinkachikwera m'malo mochidumpha. Kuno vutoli limakulirako chifukwa Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750. Mpweya ndi wochepa, choncho injini imataya mphamvu ina imene ikanakhala nayo ku Durban, ndipo 125 ilibe yapadera yoti itaye.

Njinga ya 250 ili ndi mavuto akeake. Mphamvu yake ikafika imafika yonse nthawi imodzi, tayala lakumbuyo n'kuterereka kapena lakutsogolo n'kunyamuka, ndipo munthu amagwira chiwongolero mwamantha. Kugwira kotereku n'kumene kumatupitsa mikono. Pakangopita mphindi zochepa minofu ya pakati pa chigongono ndi dzanja imauma gwaa, zala osathanso kukoka buleki, ndipo ngozi zambiri za ife achikulire zimayambira pamenepo. Komabe 250 mungathe kuizungulitsa pafupifupi bwalo lonse muli m'giya yachitatu, osathamangitsa injini, osalimbana ndi klachi. Ndinaona kuti ukali wa 250 ndingathe kuuchepetsa ndi ndalama zochepa, pomwe mphamvu yapansi imene 125 ilibe palibe sitolo imene ingandigulitse. Pali njinga zapakati monga KTM 150 SX, ndipo kwa munthu wa makilogalamu 70 ndikanati yesani imeneyo. Ine ndinakhazikika pa 250.

Makampani opanga njinga zamtunduwu anachepa. Honda inasiya kupanga CR250R mu 2007, ndipo Kawasaki ndi Suzuki nazo zinasiya ma 250 awo a two-stroke m'zaka zomwezo. Njinga zimenezi zimapezekabe pa Facebook pamtengo wokopa, koma zakalamba, ndipo zipangizo zina mumachita kuitanitsa kunja n'kudikira. Ine ndinazisiya. Zinatsala ndi Yamaha mbali iyi, ndi KTM ya ku Austria mbali inayo pamodzi ndi abale ake Husqvarna ndi GasGas, amene injini zawo n'zochokera khomo limodzi.

KTM inandikopa, ndisaname. Klachi yake imayendera mafuta m'malo mwa waya, choncho ndi yofewa kuchala. Kuyambira 2017 injini ya 250 SX ili ndi kachitsulo kozungulira m'kati kochepetsa kunjenjemera, moti manja sachita dzanzi msanga. Mu 2023 anachotsa kabureta n'kuika jekeseni wa mafuta woyendetsedwa ndi kompyuta, anaikanso batani lolizira injini, ndipo chaka chomwecho anatulutsa 300 SX. Batanilo musalipeputse. Mwagwa pakona, mwadzutsa njinga, mtima ukugunda m'makutu, anzanu akukudutsani uku ndi uku, ndiye muyambe kukika ndi bondo lodwalalo. Pamenepo batani ndi chuma. Jekeseni naye amadzisintha yekha molingana ndi mpweya wa malo amene muli. Chimene chinandibweza m'mbuyo ndi mtengo wa njinga za 2023 kupita m'tsogolo, komanso mashoko akutsogolo a kampani ya WP amene amagwiritsa ntchito mpweya m'malo mwa sipuling'i. Mashoko amenewa si oipa, koma amafuna pampu ndi kuyeza tsiku lililonse lokwera, ndipo ine ndimafuna zinthu zochepa zoti ndizikumbukira.

YZ250 ya Yamaha ndi nkhalamba inzanga. Inalandira fulemu ya aluminiyamu mu 2005 ndi mashoko a kampani ya KYB otchedwa SSS mu 2006, ndipo kuchokera pamenepo zimene zasintha kwambiri ndi mapulasitiki ndi zina zing'onozing'ono. Achinyamata amaiseka pa chifukwa chimenechi, koma kwa wogula yogwiritsidwapo kale ntchito ndi mwayi: zipangizo za zaka zambiri zimalowana, makaniko aliyense wa njinga zadothi amaidziwa, ndipo mashoko ake a sipuling'i amameza mabampu bwino moti msana umayamikira. Imalemera makilogalamu ongopitirira 100 pang'ono. Nkhani ya kukika ndinaiyesa ndekha ndisanagamule. Two-stroke ikatentha imalira mukangokika kamodzi kapena kawiri, ndipo kiki yake ndi yofewa poyerekeza ndi ya four-stroke. Bondo linavomera. Palinso YZ250X, yomwe inayamba mu 2016, ya mphamvu yofatsa, mashoko ofewa, magiya otalikirana ndi tayala lakumbuyo la mainchesi 18 m'malo mwa 19. Amene akufuna kumalowanso m'tchire aiganizire kwambiri imeneyi. Ine maso anga anali pabwalo basi.

Pokaona YZ250 yogwiritsidwapo kale ntchito imene ndinkafuna kugula ndinatenga makaniko wina wakwathu amene amagwira ntchito pagalaja la njinga zamoto. Tisananyamuke anandiuza kuti, "Achimwene, muwauze eni ake asailize tisanafike. Ndikufuna ndiipeze yozizira." Titafika anayamba n'kuika dzanja pa silinda kuti atsimikize. Injini yotha imabisa matenda ikatenthetsedwa, koma ikazizira imavuta kulira ndipo phokoso la pisitoni yogwedera limamveka.

Mapulasitiki atsopano ndi masitika sanawayang'ane n'komwe. Anachotsa mpando, n'kutulutsa sefa ya mpweya, n'kupisa chala m'paipi yopita ku kabureta. Chala chinatuluka choyera. Chikanatuluka ndi fumbi tikanabwerera pomwepo, chifukwa fumbi likadutsa sefa limapala silinda ndi mabeyaring'i a kirankishafuti ngati sandipepala. Kenako anapempha chilolezo chomasula ekizozi, n'kuwalitsa tochi ya foni pabowo lotulukira utsi. Pamenepo pisitoni imaonekera, ndipo mizere yokandika yotsika m'mbali mwake imakuuzani kuti injini inatenthapo mopitirira muyezo. Anathira madontho a oilo wa giyabokosi padzanja: akakhala otuwa ngati osakaniza ndi mkaka ndiye kuti madzi akulowa kudzera pa silo ya pampu ya madzi. Tinaikweza pa sitandi, iye n'kugwira tayala lakumbuyo, kuligwedeza cham'mbali kenako cham'mwamba, kumvera ngati mabeyaring'i a tayala ndi a zolumikizira shoko akusewera. Panali kusewera pang'ono. Anayang'ananso maredieta ngati apindika, pansi pa fulemu ngati pang'aluka, mano a siporoketi ngati asongoka, ndi mafoloko ngati akudontha mafuta. Lamanzere linkadontha.

Zolakwika ziwirizi zinatithandiza kutsitsa mtengo. Chomwe sitinanyengerere ndi mapepala. Njinga zadothi zambiri sizilembetsedwa ngati zoyenda pamsewu, choncho zimabedwa n'kugulitsidwa mosavuta. Ndinafanizira nambala yodindidwa pakhosi pa fulemu ndi imene inali pa lisiti yomwe mwini wake anagulira, ndipo tinalemberana kalata yogulitsirana yokhala ndi nambalayo. Nambala ikaoneka yopalidwa, kaya mtengo utsike bwanji, isiyeni.

Ndalama zimene ndinapulumutsa posagula yatsopano zinalowa m'mashoko. Masipuling'i amene amabwera ndi njinga amakhala a munthu wopepuka kuposa ine, choncho ndinaikitsa olimbirapo kutsogolo ndi kumbuyo, pamodzi ndi masilo ndi mafuta atsopano. Kenako tinayeza mmene njinga imatsikira. Muyeza kuchokera pa akiselo yakumbuyo kufika pa chizindikiro pa madigadi njinga ili pa sitandi, ndiye muyezenso mutakwera mutavala zonse. Kusiyana kwake kukhale mamilimita 100 mpaka 105. Ya ine poyamba inkatsika kupitirira pamenepo, moti kutsogolo kukanamapepuka njinga n'kumakana kukhota. Pa zonse zimene ndinagula, izi n'zimene zinasintha kwambiri mmene njinga imayendera.

Ukali uja ndinauchepetsa ndi chitsulo cholemeretsa fulaiwilo, chimene chimamangidwa kumbali ya magineto. Injini imachedwerako kukwera, tayala limaluma dothi m'malo moterereka, ndipo sizimazima wamba pakona. Ekizozi yowonjezera mphamvu imene mwini wake ankafuna kundigulitsa padera ndinaikana. Ndiitani mphamvu ina, pomwe imene ilipo sindinaimalize?

Kabureta inafuna kusinthidwa majeti, tizitsulo tokhala ndi tibowo todutsira petulo. Pamtunda ngati kuno mpweya ndi wochepa, choncho majeti a kumunsi ngati ku Durban amathira petulo wambiri, injini n'kumatsamwa, oilo wakuda n'kumadontha kumchira wa ekizozi, pulagi n'kumada. Tinaika ang'onoang'ono pang'onopang'ono mpaka pulagi inayamba kutuluka yofiirira. Kumbukirani kubwezera aakulu mukapita nayo kumunsi, apo ayi injini imauma n'kugwira. Oilo ndimasakaniza monga buku la Yamaha likunenera, 30:1, kutanthauza mamililita pafupifupi 167 pa malita 5 a petulo, ndipo ndimasakaniza m'chigubu, osati m'thanki. Ena pabwalo amathira oilo wochepa kuposa pamenepa ndipo mkangano wake sutha. Chachikulu n'kusankha muyezo umodzi n'kukhala nawo, chifukwa mukausintha mwasinthanso kagwiridwe ntchito ka majeti aja.

Chinthu chimodzi chimene ochokera ku four-stroke ayenera kudziwa: mukatseka mafuta two-stroke siidzigwira yokha kwenikweni, imangopitirira. Polowa pakona mumadalira mabuleki, makamaka lakutsogolo, ndiye mapadi ndi mafuta a mabuleki ndinasinthiratu.

Zovala zinadya ndalama zoyandikira za mashoko. Chipewa ndinagula chatsopano, chifukwa chakale simudziwa kuti chinamenyapo pati. Nsapato zazitali za motocross, chotetezera chifuwa ndi msana, ndi zomangira mawondo zokhala ndi mahinji m'mbali, zimene ena amaziona ngati zodula kufikira atamva mtengo wa opaleshoni ya bondo. Ndinapitanso kwa dokotala kukayezetsa mtima ndi kuthamanga kwa magazi, popeza masewerawa amathamangitsa mtima kuyambira geti likagwa mpaka mbendera yomaliza. Mipikisano yovomerezeka kuno imafuna laisensi ya Motorsport South Africa, ndipo ndinafunsa a inshuwalansi yanga ya chipatala, mochita kulemba, ngati amalipira munthu wovulala pa mpikisano, chifukwa si onse amene amatero.

Chomaliza kugula chinali kawotchi kowerenga maola amene injini yalira, kamene kamamangidwa pa fulemu waya wake n'kukulungidwa pa waya wa pulagi. Popeza sindinkadziwa kuti pisitoni ya m'katimo yayenda maola angati, tinaika yatsopano kawotchiko kasanayambe kuwerenga, ndipo tsiku lake ndinalilemba ndi cholembera chosafufutika pansi pa mpando.