Mlandu wa ng'ombe ya pa mlatho

Malume atatopa ndi Joni n'kubwerera kumudzi, anagawa katundu mwa nzeru zawozawo. Achimwene analandira jekete lachikopa, mlongo wanga anapata bulangete lolemera lija lojambulidwa nyalugwe, ine n'kundiponyera chikesi chakuda chonunkha chinyontho. M'katimo munali sakisofoni ya alto, mabuku othothoka zikuto ndi ma CD ake. Akuti anazigula motchipa kwa mdala wina wa ku Soweto amene mano akutsogolo anali atamuthawa, ndipo chida chimenechi popanda mano akutsogolo sichikhazikika pakamwa. "Iwe paja umaimba kwaya," anatero malume, "uona chochita nazo."

Mabukuwo anali a Jamey Aebersold. Mkulu ameneyu anabadwa mu 1939 ku New Albany, m'dera la Indiana ku America, ndipo naye amawomba alto yomweyi. Koma chimene anatchuka nacho si kuwomba kwakeko. Iye anaona vuto limene aliyense wophunzira jazz amakumana nalo: umafunika anzako okuperekeza, koma palibe woimba piyano wamoyo amene angalole kubwereza makodi (manoti angapo olira pamodzi) omwewomwewo tsiku lathunthu podikira kuti iwe upeze noti yako. Ndiye mu 1967 anatulutsa buku loyamba lokhala ndi chimbale chake. Pa chimbalepo pamalira piyano, besi ndi ng'oma, malo a woliza lipenga atasiyidwa opanda munthu kuti ulowepo iweyo. Mabukuwo anachulukana mpaka kupitirira 130. Kwa zaka zambiri ankasonkhanitsanso ophunzira ku Louisville, tsidya lina la mtsinje wa Ohio kuchokera kwawo, ndipo mu 2014 bungwe la National Endowment for the Arts linamuveka ulemu wa Jazz Master, womwe kwa anthu a jazz kumeneko si wamasewera. Bandi yake ya pa chimbale siyitopa, siyiledzera, siyifunsa ya transipoti. Ukaphonya, palibe amakutembenukira. Ndipo nyimbo isanayambe, mwini wake amawerenga yekha ndi mawu ozizira ngati a kalaliki woitana mayina pachipatala: wani, thu, wani, thu, firii, folo.

Anajambula mochenjera, besi ku sipika ya kumanzere, piyano ku ya kumanja, kuti wophunzira besi kapena piyano athe kuzimitsa mbali imodzi n'kulowa m'malo mwake. Wailesi yanga inali ndi sipika imodzi yamoyo, ya kumanzere. Choncho kwa nthawi ndithu ndinkadabwa kuti bwanji mzunguyu analemba dzina la munthu wa piyano m'buku pomwe munthuyo ku ntchito sanabwere.

Chiphunzitso chake chachikulu n'chakuti munthu aliyense angathe kupeka nyimbo pompopompo, bola aphunzire masikelo (manoti okwera ndi kutsika motsatana) ndi makodi, amvetsere akatswiri, ayeserere tsiku ndi tsiku. Ine ndimagwirizana naye. Kungoti mkuluyu sanakhalepo pa nyumba za mdadada, pomwe mnzako akayetsemula kuchipinda kwake iwe umayankha kuti pepani.

Woyamba kudandaula anali mayi wa khomo loyandikana ndi langa, yemwe anali ndi khanda. "Achimwene, sikuti tikukuletsani," anatero akupukuta manja pachitenje, "koma chinthu chanucho chikangolira, mwana akumatsegula m'mimba." Alandilodi iwo sanazungulire. Anati ndisankhe, nyumba kapena lipenga.

Yankho ndinalipeza m'mulu womwewo. Buku la nambala 8 ndi la nyimbo za Sonny Rollins, katswiri wa sakisofoni ya tenor wa ku New York, ndipo nditafufuza mbiri yake ndinaona kuti mavuto athu anali amodzi. Mu 1959, dzina lake lili pakamwa pa aliyense, Rollins anasiya kuimba pagulu chifukwa sankakhutira ndi kawombedwe kake. Kunyumba kwake ku Lower East Side sakanatha kuyeserera momasuka, poti woyandikana naye anali woyembekezera. Ndiye ankanyamula chida chake kukwera nacho pa mlatho wa Williamsburg, umene umalumikiza Manhattan ndi Brooklyn, n'kumawomba pamenepo mpaka maola 15 pa tsiku, kuzizire kutenthe, akupikisana ndi sitima zodutsa ndi maboti a pansi pake. Anabwerera pagulu kumapeto kwa 1961, ndipo chimbale chimene anatulutsa mu 1962 anachitcha The Bridge. Ndinati basi. Mwana wa neba ndili naye, kusakhutira ndili nako kochuluka kuposa iyeyo, chatsala ndi mlatho.

Mlatho unalipo. Ine ndimakhala kumalire a Lilongwe, komwe tauni imangothera mwadzidzidzi: tsidya lino nyumba za lendi, tsidya linalo madimba, makola ndi mfumu yakeyake. Pakati pali kamtsinje ndi kamlatho kasimenti kopanda zogwirira, kokwana ngolo imodzi. Unali mwezi wa June. Nyimbo zonse ndinazikopera mufoni, bulangete la nyalugwe ndinabwereka kwa mlongo wanga. Ndinkadzuka 4 koloko, kulifunda mpaka kumutu, mahedifoni m'makutu, n'kukaima pakati pa mlatho m'chifunga.

Tsono aphunzitsi a sakisofoni amasiyana pa zambiri, koma pa chimodzi amagwirizana: usanathamangire nyimbo, yamba ndi manoti aatali. Umagwira noti imodzi, kuikoka mpaka mpweya kutha, ukumvetsera pomwe ikunjenjemera. Ine ndinkayambira pansi penipeni, pa B flat, pomwe mabowo onse amakhala otseka ndipo mpweya umayenda mpope wonse mpaka kukatulukira kukamwa kwa chidacho. Kwa katswiri notiyi imatuluka yonona. Kwa ine inkayamba ndi kubuula, pakati n'kunenepa, kumapeto n'kuthyoka, kulumphira m'mwamba mwachisoni.

Nthawi yomweyo n'kuti tsidya linalo gogo wina atasowa ng'ombe yake yokoka ngolo. Ndiye mbandakucha uliwonse mudzi wonse unkamva ng'ombe ikulira kumlatho. Kukacha anthu ankapita kukaona. Ndowe palibe, mapazi palibe. Ena anati wakubayo amaibisa pansi pa mlatho usiku. Ena anati inaphedwa kalekale, inathera pa chiwaya, chikuliracho ndi mzimu wake. Gogoyo anakafika mpaka kwa sing'anga, amene analandira nkhuku n'kutsimikiza kuti ng'ombeyo ili moyo ndipo ili pafupi ndi madzi.

Tsiku la tsokalo ndinali nditatsinzina. M'makutu besi ikuyenda, ng'oma zikunong'ona, mumtima ndili pamwamba pa East River, madzi a pansi pa mlatho wa Rollins uja. Ndili pakati pa B flat, tochi inandithira kumaso ndipo dzanja la munthu linagwira nyalugwe pakhosi. Pali manoti ena apamwamba kwambiri amene akatswiri amati amafuna zaka kuti uwafike. Ine ndinawafika m'mawa umenewo, onse pakamodzi.

"Ng'ombe ili kuti?"

"Ng'ombe yanji, akuluakulu?"

"Musatipusitse, bambo. Yalira pompano."

Anali anyamata achitetezo a m'mudzimo, zibonga ndi malegeni m'manja, wina atanyamula chingwe chokokera ng'ombeyo. Awiri anatsikira pansi pa mlatho, anafufuza m'mabango mpaka madzi kufika m'chiuno, n'kubwerako mano akugwedera ndi chisanu ndi mkwiyo womwe. Poti chingwe chinali chitabwera kale, anaona kuti si bwino chibwerere chabe. Anamanga nacho ine.

Panjira ndinayesa kudzitonthoza ndi mbiri ya Charlie Parker, yemwe ali mnyamata ku Kansas City anasokonekera pakati pa nyimbo mpaka woimba ng'oma Jo Jones anamuponyera chitsulo cha ng'oma kumapazi, anthu n'kumuseka. Olemba mbiri amati manyazi amenewo ndiwo anamukankhira ku ukatswiri. Koma palibe pomwe ndinawerenga kuti Parker anayendetsedwa m'madimba a kabichi atamangidwa chingwe cha ng'ombe, ana opita kusukulu akumulondola.

Amfumu anatuluka atavala jasi pamwamba pa zogonera, n'kukhala pampando pansi pa mtengo wa mango. Nduna inatsegula chikesi n'kuyamba kuyala umboni pamphasa, chimodzichimodzi, ikugwira ndi nsonga za zala. Timabango tosemedwa mopyapyala, tina titada kumapeto. Kamafuta kopaka polumikizira khosi la chidacho. Kansalu komangidwa ku chingwe chokhala ndi kachitsulo kunsonga, kopukutira m'kati. Itapendeketsa sakisofoniyo munatuluka madzi, omwe ndi mpweya wanga womwe utazizira, ndipo amayi amene anakhala kutsogolo anasendera m'mbuyo ndi ana awo. Kenaka buku. Aebersold ali ndi zizindikiro zimene amakonda polemba makodi, china cha makona atatu, china kabwalo kodulidwa pakati ndi mzere, ndipo tsamba limene nduna inatsegula linali lodzaza nazo. Inalionetsa mozungulira bwalo lonse, osanena kanthu.

"Zikomo amfumu," ndinayamba, "ichi ndi chida choimbira basi. Anachipanga ndi Adolphe Sax wa ku Belgium, ndipo chiphaso chake anachilandira ku France mu 1846..."

"Bambo," anandidula amfumu, "za ku Belgium akaweruza a ku Belgium. Ife tikufuna ng'ombe."

Ndinapempha kuti andimasule dzanja limodzi, ndiwamvetse zimene ndinkamvera pa mlatho paja. Ndinazula mahedifoni, n'kukweza foni mpaka kumapeto. Bwalo lonse linati zii. Ndiye mawu aja anatuluka, odekha, osafulumira: wani, thu, wani, thu, firii, folo.

Gogo mwini ng'ombe anadzambatuka ndi liwiro losayenera msinkhu wawo. "Mwadzimvera nokha! Bwana wake ndi ameneyo, akuwerenga ng'ombe! Yanga ndi wani, kwatsala zitatu!"

Mwayi wanga, amfumu anali mphunzitsi wopuma ndipo anatsogolerapo kwaya ya sukulu. Anati nkhaniyi ndi yosavuta: ngati ndine woimba, ndiimbe. Anakodola mayi wina wa chigwirizano, amene anayambitsa nyimbo ya m'buku yodziwika ndi mwana aliyense, bwalo lonse n'kulandira, mabesi ndi matena omwe. Amfumu anandilozera ndi chibwano kuti ndilowe.

Apa ndiye panavuta. Ine ndinali nditakhazikika pa buku la nambala 3, la kayendedwe ka makodi kotchedwa II-V-I, komwe ndi msana wa nyimbo zambiri za jazz. Ndinkatha kukayendetsa m'makiyi onse 12, kupita ndi kubwerera. Koma nyimbo yeniyeni, yoti munthu aziimba akutsuka mbale, ndinalibe ngakhale imodzi. Aebersold sindingamunamizire. Ndinamva pambuyo pake kuti amalimbikira kunena kuti loweza nyimbo, imba kaye ndi pakamwa kenaka uisake pa chida. Masamba amenewo ndiwo anatsalira ku Soweto limodzi ndi chikuto. Komanso bandi ya pa CD imakudikira pa kiyi yolembedwa m'buku, pamene amayi a chigwirizano amayambira pomwe pakhosi pafuna tsiku limenelo. Ndinasakasaka noti yawo. Ndinakwera, ndinatsika, ndinadutsa makiyi angapo osaima, iwo n'kufika pa Amen ine ndikadali panjira.

"Nyimboyo muyamba nthawi yanji?" anafunsa amfumu.

"Ndamaliza, amfumu."

"Oho."

Anasisita chibwano, kenaka anati ndiwombe chomwe chija ndinkawomba pa mlatho. Ndinanyowetsa kabango, kutseka mabowo onse, kudzaza mimba ndi mpweya, n'kuikoka B flat yanga ndi mtima wonse. Isanathe n'komwe, kukhola la amfumu kuseri kwa nyumba nkhunzi inayankha. Kenaka ina ya khola loyandikana. Anthu anafa nako kuseka, mnyamata wa chingwe uja mpaka kugubuduka m'fumbi. Gogo okha ndiwo sanaseke. Anapukuta misozi, ati amenewo ndi mawu enieni a Bantomu wawo.

Pakati pa phokosolo abwana anga a kuntchito anaimba foni kufunsa kuti ndili kuti. Ndinati ndili kwa amfumu pa mlandu wa ng'ombe.

"Kodi muli ndi ng'ombe?"

"Ayi bwana, ng'ombeyo ndine."

Anadula.

Chigamulo chinali chotere. Kuba sindinabe. Za ufiti umboni ndi wosakwanira, ngakhale nduna inapempha kuti bukulo liyambe lagona kwa amfumu. Koma ndinapezeka wolakwa pa mlandu wodzisandutsa ng'ombe popanda kudziwitsa eni mudzi. Anandilamula kubweza nkhuku ya kwa sing'anga, kugula mabatire a matochi, ndi kugulira tiyi ndi mandasi anyamata awiri ananyowa aja. Pa mlatho ndisadzapondenso ndi chidacho. Bantomu anapezeka pambuyo pake kwa mkamwini wa gogoyo, yemwe anamubwereka usiku kuti akatute njerwa n'kuiwala kunena.

Sabata yomweyo nduna inandipeza kunyumba itanyamula buku langa m'jumbo, ili ndi uthenga. Amfumu ali ndi dimba la tomato kumunsi kwa mtsinje, ndipo akuba awasowetsa mtendere. Akuti ngati ndikufunabe malo oyeserera, khumbi lilipo, kuyambira 2 koloko usiku, ndipo tomato wogwa yekha ndikhoza kumatola. Ndinafunsa ngati ndingabwere ndi sipika kuti bandi izindiperekeza.

"Mzungu wowerenga uja ayi," inatero nduna. "Eni makola sanamukhulupirirebe."