Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 7: Liwu Loti Ayi

Ndikuthokoza nonse amene munandilembera mutawerenga gawo lapitalo, makamaka mayi a ku Kasungu amene ananena kuti usiku womwewo anakhala pansi ndi mwana wawo wamwamuna n'kumufunsa ngati pali munthu amene amamuvutitsa. Koma inu bambo amene munalemba kuti malume ndiwo anandiphunzitsa kukonda amuna anzanga, ndiyenera kukuyankhani lero, chifukwa inenso ndinakhulupirira bodza limenelo kwa zaka zambiri ndipo linatsala pang'ono kundipha.

Mukukumbukira kuti bambo atamwalira mu 1997, mayi ananditumiza kwa agogo ku Dedza ndili ndi zaka 9. Zimene malume ankandichita m'gowelo sindidzazifotokoza, ndipo amene mukudikira zimenezo mudikira pachabe. Chimene ndingafotokoze ndi m'mawa wake. Ankandituma kukawatungira madzi osamba, ine n'kupita, n'kugwada powauza kuti madzi ali kubafa, agogo n'kumandiyamikira kwa anansi kuti ndine mwana waulemu. Tsiku lina tikutonola chimanga pakhonde ndinayesa kuwauza agogo, koma ndisanamalize anandigwira pakamwa n'kunena motsitsa mawu kuti malume ndiwo akundilipirira zonse, ndiye ndisawachititse manyazi. Sanandimenye, sanandikalipire, anangotolanso chitsononkho chawo. Ndinapitiriza kutonola mpaka zala zinatuluka matuza, ndipo kuyambira madzulo amenewo liwu loti ayi linachoka m'kamwa mwanga.

Sukulu ndinamaliza, ndipo ndinapeza ntchito m'sitolo ina ku Limbe. Zoti ndimakonda amuna ndinazizindikira monga mmene munthu amazindikirira kuti ndi wamanzere, ndipo malume alibe gawo pamenepo. Chimene iwo anandisiyira n'chakuti, ngakhale ndinali nditakula, mwamuna wamkulu kwa ine akakana kondomu thupi langa linkauma gwa, pakamwa n'kutsekeka ngati pakhonde paja. Ndinkayamba ndamwa kachasu kuti ndisaganize, ndipo munthu woledzera sakambirana za kudziteteza.

Mu May 2010, pamene khoti linalamula kuti Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga akakhale kundende zaka 14 pa mlandu wa kugonana kwa amuna okhaokha, ndinali ndi zilonda za matenda opatsirana pogonana. Pulezidenti Bingu wa Mutharika anawakhululukira mwezi womwewo, koma lamulo linatsala m'mabuku, choncho sindinayerekeze kukaonetsa namwino malo amene akanaulula kuti ndine ndani. Zilonda zotere zimatsegulira kachilombo ka HIV khomo. Sindinkadziwanso kuti kuli mankhwala a PEP, oteteza ku HIV, amene munthu amayamba kumwa pasanathe maola 72 atagonana mosadziteteza n'kupitiriza masiku 28, ndipo ngakhale ndikanadziwa, ndikukayika ngati ndikanadziona woyenera kupulumutsidwa.

Mu 2013 Chisomo, mnzanga uja wa mu gawo 4, anandikokera kokayezetsa magazi, ndipo anandipeza ndi HIV. Sindinalire pomva zotsatirazo, chifukwa ndinkaziyembekezera. Ndinalira pamene mlangizi, mayi wachikulire ndithu, anaika cholembera pansi n'kundifunsa kuti, "Achimwene, kodi alipo amene anakuchitani nkhanza muli mwana?" Panali patapita zaka 16, ndipo anali munthu woyamba kundifunsa. Ma ARV ndinayamba mwezi womwewo ndipo sindinadumphitsepo.

Malume anamwalira mu 2015, ndipo kumaliro sindinapite ngakhale mayi anandiimbira foni kanayi. Abale amene mpaka lero mumandinena kuti ndine wamwano, zimene ndinawauza mayi pa foni yachinayiyo muziwerenga mu gawo lotsatira.