Mmene ndidaphatikizira katundu wa chinkhoswe

Ntchito yanga kuno ku Johannesburg ndi yomanga nyumba, ndipo chimene ndimatchuka nacho pa ntchitoyi si kuyala njerwa ayi, koma kukonza matope a simenti. Thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50 limafuna mawilibala atatu a mchenga, ndipo munthu wodziwa ntchito sathamangira kuthira madzi, amayamba watembenuza ziwirizi zili zouma mpaka mtundu wake ukhale umodzi, popanda poyera kapena pakuda. Ndayamba ndi zimenezi kuti amene adamva nkhani yanga kuchokera kwa alamu anga adziwe kuti zimene zidachitika pa chinkhoswe cha mwana wa achimwene sizidabwere chifukwa cha ulesi kapena mowa, koma chifukwa cha luso.

Alamu adaneneratu kuti akuchimuna sadzadya nsima ya ufa wa m'sitolo pa chinkhoswe cha mwana wawo. Iwo amafuna ufa woyera weniweni, wa chimanga chokonola, choviika, choyanika padzuwa kenaka n'kugayitsa, ndipo abale kumudzi adamva pempholi n'kuchita zoposa zimene adapemphedwa. Ku Ntcheu kudachokera ufa ndi chimera cha mawere chophikira thobwa, ku Mchinji nsinjiro, ku Dedza nyemba, ndipo wina wa mtima wabwino adaonjezerapo mpunga wa Kilombero wa ku Karonga. Katunduyu adakwera basi, adatuluka pa chipata cha Mwanza, adaoloka Zambezi pa Tete, adalowa m'Zimbabwe pa Nyamapanda, adadutsa Harare ndi Beitbridge, ndipo m'maiko onsewa palibe msilikali kapena wa kasitomu amene adamuononga. Adadikira kuti adzakumane ndi ine.

Popeza ndimakhala ku Yeoville, kufupi ndi Park Station, pamene mabasi amafikira, kusiyana ndi achimwene amene amakhala ku Rosettenville, ntchito yokalandira katundu idagwera ine. Uthenga wa mawu umene alamu adanditumizira pa WhatsApp ndidausunga, ndipo aliyense wokayika akhoza kudzaumvera. Iwo adati: "Alamu, katundu wafika m'timatumba tambirimbiri. Mukatenge, muphatikize zonse pamodzi kuti pasasowe kanthu, mubwere nazo Lachisanu madzulo."

Nditafika nawo kunyumba timatumba tija, ndidakhala pansi n'kuyamba kulingalira za mawu akuti muphatikize. Sindidafune kuimbanso foni, chifukwa mwamuna wofunsafunsa za kukhitchini amaoneka wopepera, komanso ndidaganiza kuti mwina kwabwera kaphikidwe katsopano kamene amayi a kuno aphunzira, poti masiku ano m'masitolo muli ufa wa phala umene amaugulitsa atauthira kale soya ndi zina. Choncho ndidayala pulasitiki yaikulu pansi, ndidakhuthulirapo ufa, pamwamba pake nsinjiro, pamwamba penipeni chimera. Mthiko ndilibe, ndipo ngakhale ndikadakhala nawo sukadakwanira pa mulu wotere, motero ndidatenga fosholo yanga ya kuntchito, ndidaipukuta ndi nsalu, n'kuyamba kutembenuza kuchokera m'mbali kupita pakati monga mwa nthawi zonse. Pomaliza mtundu udali umodzi, wofiirira pang'ono, wosiririka. Mpunga ndi nyemba ndidazichitira pazokha, pakuti mmisiri aliyense amadziwa kuti mchenga wopakira pulasitala suyenda pamodzi ndi miyala ya konkire. Timatumba tonse tija tidasanduka matumba awiri okha osavuta kunyamula, ndipo m'minibasi yopita ku Rosettenville ndidakhala mokhutira ndi ntchito ya manja anga.

Ndidapeza amayi atasonkha kale moto kuseri kwa nyumba, madzi a phala la thobwa ali pamoto. Alamu adamasula thumba loyamba, adapisamo dzanja, adanunkhiza, adalawa, kenaka adandiyang'ana nthawi yaitali osaphethira. Atamasula lachiwiri adakhala pansi pa simenti osafuna ndi mpando womwe.

"Alamu, nsinjiro zili kuti?"

"Zili momwemo, alamu."

"Nanga chimera?"

"Momwemonso. Palibe chimene chasowa, monga munanenera."

Apa ndi pamene padabuka mlandu umene sudali pa ndondomeko ya chinkhoswe. Alamu adati iwo adanena kuti ndiphatikize, osati ndisakanize, ndipo kuti mwana aliyense amene adayamwa Chichewa amadziwa kusiyana kwake. Ine ndidayankha mwaulemu kuti kusukulu, pa phunziro la masamu, tidaphunzira kuphatikiza, kuchotsera, kuchulukitsa ndi kugawa, ndipo munthu akaphatikiza 2 ndi 3 amapeza 5, mmene simuonekanso 2 kapena 3. Ndidaona amuna angapo akugwedeza mitu movomereza, ngakhale adasiya msanga akazi awo atawacheukira.

Padali bambo ena achikulire amene kumudzi adali mphunzitsi wa pulayimale koma kuno amagwira ntchito ya ulonda, ndipo anthu adawapempha kuti agamule. Bambowa adaoneka kuti akhala akudikira mwayi wotere kuchokera tsiku limene adasiya choko. Adati zinthu zophatikiza zimakhala pamodzi koma chilichonse chimadziwikabe, monga wogulitsa pamsika akaphatikiza tomato ndi anyezi m'jumbo imodzi, kapena abale akaphatikiza ndalama zao kuti agule mbuzi, pamene zosakaniza zimalowana mwakuti kuzilekanitsa n'kovuta kapena kosatheka. Ndidafulumira kuwakumbutsa kuti ndalama zikaphatikizidwa palibenso amene amadziwa ya uje ndi iti, zimene zikugwirizana ndi mfundo yanga. Iwo adatsokomola, adati ndalama si ufa, ndipo adapitiriza kufotokoza kuti ena amati kusanganiza pamene ena amati kusakaniza koma tanthauzo ndi limodzi, nkhani imene palibe adawafunsa.

Amene adatseka mlanduwu ndi gogo wina wa kuchikazi, amene nthawi yonseyi adali chete akusenda anyezi. Iwo adalankhula osadzutsa mutu. "Mwana wanga, kukhitchini chinthu chilichonse chili ndi mawu ake ndi nthawi yake. Phala timatakasa kuti lisachite mibulu. Nsima timavundula. Masamba timatendera, ndipo nsinjirozo zimalowa masamba atapsa kale. Ufa wa mandasi timakanda, Sobo timasukuluza ndi madzi, shuga timasungunula mu tiyi. Chimera sichikumana ndi ufa wouma, chimadikira phala lipse, lipole pang'ono, ndiye chithiridwe kuti chigone momwemo mpaka m'mawa. Zimene mwachita inuzi mawu ake aliponso, ndi kusokoneza."

Ine ndimaonabe kuti gogoyu adaweruza mokondera, koma pamaso pa akulu munthu satsutsa, choncho ndidangopempha kuti asaweruze chakudya asadachilawe. Alamu, mwina pofuna kuti manyazi anga akhale ndi mboni, adalola kuti ayese kuphika nsima m'kapoto kakang'ono. Zimene zidachitikazo aphunzitsi aja adazifotokoza bwino pambuyo pake: chimera ndi mbewu yomeretsa, ndipo mphamvu yake ndi yosandutsa ufa kukhala wotsekemera ndi wamadzimadzi, n'chifukwa chake thobwa limatsekemera ngakhale musadathire shuga. Mayi amene adagwira mthiko adavundula mpaka thukuta, adaonjezera ufa, adavundulanso, koma nsima idakana kulimba monga nsima. Chipande chitalowa, mtanda udatuluka wofiira, wonyezimira mafuta a mtedza, ndipo utafika m'mbale udayamba kudzifalitsa pang'onopang'ono mpaka kukhudza m'mphepete monse. Achimwene adalawa, adatafuna mwakachetechete, n'kunena kuti ngati akuchimuna adya zimenezi adzaganiza kuti tikuwadyetsa mankhwala kuti asadzabweze mwana wathu.

Usiku womwewo achimwene adathamangira ku sitolo kukagula ufa womwe uja alamu adaukana, ndipo chimera china chidapezeka kwa mayi wina wa ku Turffontein atachonderera pa foni. Kudatsala thumba la mpunga ndi nyemba. Ndidadzipereka kuti ndikatenge sefa yanga ya mchenga, imene ikadalekanitsa ziwirizi m'kanthawi kochepa, koma msonkhano udagwirizana kuti chida chilichonse chochokera kwa ine chisayandikire chakudya. M'malo mwake adatiyalira mphasa, adatipatsa malichero, ndipo amuna tonse, pamodzi ndi nkhoswe yaikulu ya banja, tidakhala pansi kutola nyemba imodziimodzi mpaka usiku udapita ndithu. Palibe amene adandilankhula, kupatula aphunzitsi aja, amene adafuna kudziwa ngati tsopano ndikutha kuona 2 ndi 3 mkati mwa 5.

Chinkhoswe chidayenda bwino, ndipo ine adandiika pa ntchito yonyamula mipando, kutali ndi moto. Thumba la ufa wanga lidatsala kwa alamu, amene chifukwa chosafuna kutaya chakudya chochokera kutali adayamba kuphikira ana phala la m'mawa. Anawo adalikonda kwambiri moti phala lina lililonse adayamba kulikana, amayi anzawo a kumpingo adayamba kupempha pang'onopang'ono, ndipo ndidamva kuti pofotokoza alamu amati ndi kaphikidwe kamene adaphunzira kwa agogo awo ku Ntcheu.

Thumba lija litatha adandiitana, ndipo ulendo uno adasankha mawu mosamala ngati munthu wolemba kalata ya ku boma. Adati ndisakanize ufa, nsinjiro ndi chimera, zitatu zokhazi, m'beseni limene adanditsukira okha, ndi mthiko umene adandipatsa m'manja, iwo ataimirira pambali. Ndidagwira ntchitoyo mokhulupirika mpaka mtundu udakhala umodzi. Patapita masiku adandiimbira foni kudandaula kuti ana akuti phala latsopanoli silikukoma ngati loyamba lija, ndipo adandifunsa ngati pali china chimene ndidathiramo nthawi ija chimene sindidawauze. Ndidayang'ana fosholo yanga itatsamira kuseri kwa chitseko, ndipo ndidawayankha kuti mwina ndi mtedza wa chaka chino.