Mtsempha ukatsekeka, mbira ipulumuka koma nkhumba ayi

Mtsempha wodyetsa mtima ukatsekeka, chimene chimapulumutsa mnofu wa mtimawo ndi timitsempha tam'mbali tolambalala chotchingacho, tomwe madokotala amati ma collateral. Mu 1987 ofufuza Maxwell, Hearse ndi Yellon anamanga mtsempha wa mtima mwa nyama zosiyanasiyana n'kuyeza magazi amene amafikabe pamalo otsekedwawo. Mbira inapezeka ndi pafupifupi 100 peresenti ya magazi amene amafika pamalo osatsekedwa, moti kumanga mtsempha umodzi sikupha mnofu wa mtima n'komwe. Galu 16, mphaka 12, khoswe 6, kalulu 2, nkhumba yosakwana ngakhale 1.

N'chifukwa chake nkhumba ikangotha ola limodzi mtsempha uli womangidwa, mnofu wambiri umakhala utafa kale. Kwa galu, mnofu umayamba kufa mkati mwa khoma la mtima n'kumakwawira kunja kwa maola 3 mpaka 6. Agalunso amasiyana okhaokha, wina timitsempha tambiri, wina tochepa. Wofufuza akapanda kuyeza zimenezi, mankhwala opanda ntchito amaoneka ngati achiritsa, chonsecho anangogwera galu wamwayi.

Munthu amene mtsempha wake watsekeka mwadzidzidzi amafanana kwambiri ndi nkhumba. Amene mtsempha wake wakhala ukuchepa pang'onopang'ono kwa zaka, nthawi zambiri thupi limakhala litalambula kale tinjira tina.