Tsiku linali loona, ndalama zinali za mzere wina

Pa ntchito yanga yosamalira makompyuta ndi database ya ngongole, Lolemba ndi Lachiwiri panalibe chachilendo: mabakapu, mapasiwedi oiwalika, jenereta kuchedwa kuyaka. Lachitatu ndiye kunavuta. Lipoti la malipiro omaliza a obwereka ngongole linasonyeza kuti mayi wina anabweza K5,000 pa 14 Marichi, chonsecho risiti yawo ikuti K50,000. Mayiwo anali ataimbiridwa kale foni yowakumbutsa ngongole imene sanaphonye.

Gwero lake linali query iyi, lamulo lofunsira database yathu ya MySQL: SELECT kasitomala, MAX(tsiku), ndalama FROM malipiro GROUP BY kasitomala. MAX() imabweretsa tsiku lomaliza lokhalo, siikoka mzere wonse. Ndalamazo MySQL imangotola pa mzere uliwonse wa kasitomalayo. Kuyambira MySQL 5.7.5, ONLY_FULL_GROUP_BY, chitetezo choletsa kutola kotereku, imabwera yoyatsa, ndipo query yotere imakanidwa ndi error 1055. Pa seva yathu wina anaichotsa mu sql_mode, mndandanda wa malamulo amene MySQL imatsatira, kuti malipoti akale azituluka. Chandipweteka kwambiri ndi chimenechi: makina anachenjeza, munthu n'kuwatseka pakamwa.

Kukonza kwake n'kupeza kaye MAX(tsiku) ya kasitomala aliyense mu subquery (query ya mkati mwa inzake), kenako kuichita JOIN, kutanthauza kuilumikiza, ndi tebulo lomwelo pa kasitomala ndi tsiku. Koma apanso pali msampha. Column ya tsiku ndi DATE, ilibe nthawi, ndiye wolipira kawiri tsiku limodzi amatuluka kawiri, ndalama zonse n'kufufuma. Pamafunika sitepe inanso: mwa mizere yofanana tsikuyo, tengani ya MAX(id), id kukhala nambala imene mzere umapatsidwa polowetsedwa. Musadalire MAX(id) yokha, chifukwa marisiti a kumudzi amalowetsedwa mochedwa, id yaikulu ili ndi tsiku lakale. Index (mlozera wofulumizitsa kufufuza) ya (kasitomala, tsiku, id) ikhalepo, apo ayi lipoti limakwawa.

Pa MySQL 8.0 zonsezi ndi ROW_NUMBER() OVER (PARTITION BY kasitomala ORDER BY tsiku DESC, id DESC), yomwe imapatsa mizere ya kasitomala aliyense manambala kuyambira wa tsiku lomaliza, n'kusunga mzere wa nambala 1. Ife tikadali pa 5.7, yomwe Oracle inasiya kuisamalira mu Okutobala 2023. Akuluakulu akuti bajeti yosamukira ku 8.0 palibe, ngakhale ya seva yoyesera, moti zonsezi ndimayesa usiku pa database imene makalaliki amagwiritsa ntchito masana.

Lachisanu ndinayatsa ONLY_FULL_GROUP_BY pa session yanga yokha, osakhudza ena, n'kuyendetsa malipoti otsala. La chiwongoladzanja nalonso linakanidwa ndi 1055 yomweyo, ndipo limapita kwa akuluakulu mwezi ndi mwezi.