Mpeni wa msikauti ukhale waufupi, wosapinda komanso wa chimake

Atsogoleri a masikauti kuno ku Kasungu, musamangouza makolo kuti mwana abwere ndi mpeni ku kampu. Wina adzatenga wa kukhitchini, wina chikwanje. Ntchito za mwana kuthengo n'zochepa: kusongola zikhomo za tenti, kudula chingwe, kusenda luzi la mombo, kupala timitengo toyatsira moto. Pa zonsezi chitsulo chotalika masentimita 8 mpaka 10 chikukwana. Chikapitirira apo, dzanja la mwana wa zaka 12 limalephera kuchiwongolera.

Ambiri amaganiza kuti mpeni wopinda ndiwo wabwino kwa ana poti umalowa m'thumba. Ngozi yake ili pa mfundo yopindira. Mwana akakankha nsonga pamtengo wouma, mpeni wopanda loko umadzitseka n'kumenya zala. Timipeni tambiri ta Victorinox tilibe loko, n'tabwino podula ulusi koma osati posema. Mpeni wa Opinel wa ku France uli ndi mphete yokhomera, koma chigwiriro chake n'chamtengo, ndipo mvula ya Januwale ikachinyowetsa chimafufuma, mpeni n'kukana kutseguka.

Choncho sankhani wosapinda, monga Morakniv Companion wa ku Sweden, kapena uliwonse wopangidwa motero. Mukamagula pamsika, gwirani chigwiriro ndi dzanja limodzi n'kugwedeza chitsulo kumsana kwake. Chikamachita gwedegwede, ndiye kuti mchira wa chitsulo unangolowa pang'ono m'chigwiriro ndipo udzazuka. Onaninso kuti pali kachotchinga koletsa chala kutsetserekera kukuthwa dzanja likachita thukuta. Chimake chikhale cha pulasitiki yolimba kapena chikopa chochindikala, cholowa pa lamba. Chizondotseni, mpeni ukagwa, siyani.

Pa nkhani ya chitsulo, ana apatseni cha stainless, chosachita dzimbiri msanga. Cha carbon chimanoleka msanga, koma chikagona chonyowa usiku umodzi wokha m'mawa mupeza dzimbiri, ndipo ndi ana angati amene amakumbukira kupukuta ndi kupaka mafuta ophikira?

Makolo ena amabunthitsa dala mpeni poopa kuti mwana angadzicheke. Mpeni wobuntha ndiwo umavulaza, chifukwa mwana amaikapo mphamvu zonse, ukaterereka sathanso kuugwira. Nolani pamwala wothira madzi, maulendo ofanana mbali zonse ziwiri, kenako yesani papepala. Ukang'amba m'malo modula, bwererani pamwala.

Ana asanayambe kusema, aliyense atambasule mkono n'kuzungulira. Akakhudza mnzake, asunthe. Akhale pansi, zigongono pa mawondo, mtengo uli kutsogolo kwa mawondo, ndipo azisema moloza kunja. Asamasemere pakati pa ntchafu, chifukwa mkati mwa ntchafu mumadutsa mtsempha waukulu wa magazi, ndipo kuchokera kunkhalango kukafika kuchipatala cha boma ndi mtunda. Popatsana, mpeni uyambe walowa m'chimake. Paulendo wa pa minibasi kapena pa lole, mipeni yonse ikhale m'chikwama cha mtsogoleri, aziiwerenga poigawa ndi poilandiranso madzulo.